Ku Dwangwa kuli ndalama, koma n'za yani?

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'minibasi za pa msewu wa M5, makamaka galimoto ikadutsa Liwaladzi n'kuyamba kuoneka minda ya nzimbe: "Kuno ndiye kuli ndalama." Wonenayo sanama. Akuona nzimbe zobiriwira mpaka kumene maso alekezera, mathirakitala odzaza, utsi wa fakitale, mabanki ndi masitolo a pa Dwangwa amene satseka msanga. Akaona zimenezi, maganizo amathamanga okha: ngati dera likupanga chuma chochuluka chonchi, ndiye kuti anthu ake akudya bwino, akugona pabwino, ana awo akuphunzira. Akatswiri a zachuma nawo ali ndi njira yawo yonenera zomwezo. Amatenga mtengo wa zonse zimene dziko lapanga pa chaka, zimene amazitcha GDP, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu. Nambala yotuluka pamenepo imatchulidwa ku Nyumba ya Malamulo, pa wailesi ndi m'malipoti a World Bank ngati kuti ndiyo ikutiuza mmene munthu wamba akukhalira. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi pogwira, ndipo sindikufuna kuchinyoza. Ndikufuna tichiyese pa nthaka ya Nkhotakota, tione pamene chikunena zoona ndi pamene chikutisocheretsa.

Tiyambe ndi pamene chaima bwino. M'zaka zaposachedwazi, chuma chopangidwa m'Malawi chikagawidwa kwa munthu aliyense chakhala chikugwera pakati pa madola 500 ndi 650 pa chaka. Ku South Africa chimakhala cha m'ma madola 6,000. Kusiyana kumeneku si kwa pa pepala pokha ayi. Mnyamata wa ku Ngala kapena ku Dwambazi amene amagulitsa njinga ndi mbuzi kuti apeze ya basi ya ku Joni sanawerengepo lipoti lililonse, komabe akudziwa kumene thukuta la tsiku limodzi limalipira bwino. Dziko lopanga zambiri limatolera msonkho wambiri, ndipo msonkhowo ndi umene umagula mankhwala, kulipira aphunzitsi ndi kukonza milatho. Kuyambira 2022 mpaka 2024 chuma chathu sichinkakula kupitirira 2 peresenti pa chaka, pamene anthu ankachuluka ndi pafupifupi 2.6 peresenti. Ndiye kuti gawo la munthu aliyense linkachepa, ndipo tonse tinazimva m'thupi: mizere ya mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja, kukwera kwa feteleza. Poyerekeza dziko ndi dziko, makamaka pamene kusiyana kuli kwakukulu, nambalayi imathandiza ndithu. Zimasokonekera tikaitsitsa kuchoka pa dziko kuibweretsa pa dera, kenaka pa khomo la munthu.

GDP imene timamva pa wailesi ndi ya dziko lonse. Koma tiyerekeze kuti wina wakhala pansi kuti awerengetsere ya Nkhotakota yokha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 393,000 m'bomali, choncho wowagawira alipo. Nanga zogawazo? Angayambire pa Dwangwa, pamene fakitale ya shuga inayamba ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Inali m'manja mwa Lonrho, kenaka mu 1997 inagulidwa ndi Illovo, ndipo kuyambira 2016 gulu lonse la Illovo ndi la kampani ya Associated British Foods ya ku London. Pafupi pomwepo pali fakitale ya ethanol imene inayamba mu 1982, yogwiritsa ntchito zotsalira popanga shuga. Maboma ambiri a m'chigawo chapakati alibe mafakitale otere. Wowerengetsayo akaphatikiza zonsezi n'kugawa ndi anthu, Nkhotakota ingaoneke yolemera kuposa maboma ena oyandikana nayo amene amadalira khasu lokha.

Lamulo la kawerengedwe ka GDP ndi lakuti chinthu chimawerengedwa kumene chapangidwira. Silifunsa kuti ndalama yake yakagona kuti. Thumba la shuga likatuluka pa geti la Dwangwa, mtengo wake umagawika panjira. Gawo lina ndi malipiro a antchito, lina limapita kwa alimi a nzimbe ang'onoang'ono amene amagulitsa ku fakitale, ndipo magawo awiriwa ndi amene amatsala kwambiri m'deralo. Msonkho umapita ku thumba la boma ku Lilongwe, kumene amaugawa malinga ndi bajeti ya dziko lonse. Lina limasungidwa kuti likagule makina atsopano, amene ambiri amachokera kunja. Phindu limapita kwa eni masheya. Kampani ya Illovo Sugar Malawi ili pa msika wa masheya ku Blantyre, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a masheya ake ndi a kampani yaikulu ya kunja. Otsalawo ndi a mabungwe a penshoni ndi anthu ena, amene ambiri sakhala ku Nkhotakota. Palibe chobisika kapena chachilendo pamenepa, ndi mmene makampani akuluakulu amayendera kulikonse. Kungoti nambala ya "chuma cha munthu aliyense" imatenga zonsezi ngati kuti zagwera m'matumba a anthu a kwa Kanyenda, kwa Kafuzira, kwa Malengachanzi ndi kwa Mwadzama mofanana.

Ngakhale mayiko olemera zimawagwera. Mu 2015 GDP ya Ireland inadumpha ndi 26 peresenti m'chaka chimodzi chifukwa makampani akuluakulu akunja anasamutsira katundu wawo m'mabuku a dzikolo. Anthu a ku Dublin sanalemere ndi 26 peresenti, ndipo mu 2017 ofesi yawo ya kalembera inachita kuyambitsa muyeso wina wochotsa ndalama zongodutsa zoterezi.

Ndisamveke ngati ndikuti fakitale ilibe phindu kwa eni dera. Ikanapanda kukhalapo, tauni ya Dwangwa sikanakula chonchi. Malipiro a kumapeto kwa mwezi ndi amene amagula mpunga wa ku Bua, usipa wa ku Ngala ndi tomato wa kumtunda. Kampaniyo ili ndi nyumba za antchito ndi zipatala zake. Koma taonani kusiyana kwa anthu amene onse amatchedwa "a ku nzimbe." Pali wantchito wokhazikika amene ali ndi nyumba ya magetsi ndi penshoni. Pali wodula nzimbe wa nyengo, amene nthawi zambiri amachokera ku boma lina, ndipo kudula kukatha chakumapeto kwa chaka amabwerera kwawo ndi kangachepe kamene wasunga. Pali mlimi wa nzimbe wa munda wake, amene amalandira chotsala akachotsa ngongole ya feteleza, ya thirakitala ndi ya mayendedwe. Ndipo pali banja limene munda wake wa mpunga kapena chinangwa unalowa m'nzimbe, chifukwa mikangano ya malo m'midzi yozungulira Dwangwa ndi nkhani yodziwika, yalembedwa m'manyuzipepala ndi m'kafukufuku kwa zaka zambiri. Pamenepa pali chinthu choti tichimvetse bwino. Dambo likasinthidwa kuchoka ku mpunga wodya pakhomo kupita ku nzimbe, mabuku a chuma amaonetsa kukwera, chifukwa nzimbe iliyonse imadutsa pa sikelo n'kulembedwa. Banja limene linkadya za m'dambomo likhoza kukhala litapindula, likhozanso kukhala litayamba kugula chakudya chimene kale linkangokolola. Nambalayo siingatiuze kuti chachitika n'chiti. Ndipo mayi wokhala moyang'anizana ndi minda ya nzimbe amagula shuga pa mtengo wa pa golosale ngati wina aliyense. Mu 2024 shuga atasowa m'dziko muno, kukhala pafupi ndi munda sikunali chitsimikizo chakuti tiyi wake atsekemera.

Vuto la kugawa mofanana asodzi amalidziwa kuposa tonsefe. Tiyerekeze kuti usiku wina wa kauni, usodzi wa usipa wa nyali, wayenda bwino, usipa wagulitsidwa K500,000, ndipo anthu a pa ukonde wa chilimila umene wagwira usipawo, kuphatikiza mwini wake, ndi 10. Pa pepala aliyense wapanga K50,000. Koma pa doko sagawa choncho. Amayamba achotsa ya mafuta ndi ya nyali. Chotsalacho, m'madoko ambiri, theka limapita kwa mwini ukonde, ngalawa ndi injini, ndipo theka linalo ndi limene ena onse amagawana, siginala, wotsogolera usodziwo ndi nyali, n'kutengako kokulirapo. Mwini zida ali ndi zifukwa zake, pakuti ukonde ukang'ambika kapena injini ikamira ndi iye amene amalira. Komabe wopalasa amafika kunyumba ndi ndalama yosayandikira n'komwe K50,000 ija. Masamu a pa pepala aja sanalakwike, kungoti palibe munthu ndi mmodzi yemwe pa dokolo amene walandira ndalama imeneyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Dziko lathu linaphunzira zimenezi ndi umboni wolembedwa. Kuyambira 2005, boma la Bingu wa Mutharika litayambitsa makuponi a feteleza, chuma chinakula mofulumira kwa zaka zingapo, zaka zina kupitirira 7 peresenti. Mvula inkagwa bwino, fodya ankagulidwa, mu 2009 mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa ku Karonga, ndipo kunja ankatiyamikira. Kenaka ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inayenda khomo ndi khomo, kufunsa zimene mabanja amadya ndi kugula. Kafukufuku wa 2004/05 anali atapeza kuti osauka ndi 52.4 peresenti. Wa 2010/11 anapeza 50.7 peresenti. Kumidzi umphawi unachita kukwerako pang'ono, kuchoka pa 55.9 kufika pa 56.6 peresenti, osaukitsitsa anachuluka, ndipo mpata pakati pa olemera ndi osauka unakula. Chuma chinakuladi, koma chinakulira mbali imodzi. Kafukufuku wa 2019/20 anapezanso kuti pafupifupi theka la Amalawi akadali pansi pa mzere wa umphawi, umene pa nthawiyo unali pa K454 pa munthu pa tsiku.

Abale athu a ku Tete ali ndi nkhani yofanana, mwinanso yoposa. Malasha a ku Moatize atayamba kutumizidwa kunja mu 2011 ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, mzinda wa Tete unatukuka, mahotela anamangidwa, lendi inakwera. Mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti mgodi upeze malo, ambiri n'kukaikidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, pa nthaka yosabereka ngati ya kwawo. Mu January 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yonyamula malashawo. Amene akanangoyang'ana chuma chopangidwa m'chigawocho chaka chimenecho akanati zinthu zili bwino kwambiri.

Ndipo Nkhotakota yeniyeniyo ili ndi phunziro lakale lowawa. M'zaka za Jumbe, kuyambira cha m'ma 1840 pamene Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika pa gombeli, panalibe doko lolemera kuposa ili kumadzulo kwa nyanja. Zombo zinkawoloka ndi minyanga ya njovu, nsalu ndi mikanda zinkalowa, mpunga unkalimidwa wochuluka. David Livingstone anafika pano mu 1863 ndipo anaona malonda ake ndi maso. Katundu wamkulu wa malondawo anali anthu, ogwidwa m'midzi ya kumtunda n'kuwolotsedwa ulendo wa ku Kilwa. Sindikuyerekeza ukapolo ndi bizinesi iliyonse ya lero, zimenezo n'zosiyana kutalitali. Ndikungoti dera lino linadziwa kalekale kuti chuma chikhoza kudutsa pa doko chochuluka pamene anthu a m'midzi yozungulira akugona m'tchire ndi mantha.

Tsopano titembenukire kwa amene amaikana nambalayi kotheratu, chifukwa nawonso ali ndi chikhulupiriro chofunika kuchiwongola. Amati GDP imawerenga zogulitsidwa zokha, choncho chinangwa chimene banja la ku Sani kapena ku Chia lazula n'kudya sichilowamo. Zoona zake n'zakuti malamulo a kawerengedwe amati chakudya cholimidwa n'kudyedwa pakhomo chiyenera kulowa, pochipatsa mtengo woyerekeza. Chovuta ndi kuchiyeza. Chimanga chimakololedwa kamodzi, mlangizi akhoza kuyerekeza matumba. Chinangwa nkhokwe yake ndi munda womwewo: mayi amazula mitengo ingapo lero, kuvika, kuyanika, kusinja, sabata yamawa n'kukazulanso ina. Chigwada amathyola madzulo alionse. Mango a pa gombe amadyedwa ndi aliyense wodutsa, ndipo nsomba imene msodzi wapatsa mlamu wake kuti akaone ndiwo sidutsa pa sikelo iliyonse. Ndiye zimene zimalembedwa za chakudya chotere ndi zongoyerekeza, zikhoza kuchepa kapena kuchuluka. Izi n'zofunika kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, chifukwa chaka chimene chimanga chakanika kumtunda, banja lodya kondowole nthawi zambiri limapulumuka, ngakhale kuti pa ndalama limaoneka lopanda kanthu.

Chimene sichilowa n'komwe ndi ntchito ya pakhomo yosalipidwa: kuphika, kuchapa, kulera ana, kudwazika matenda. Mayi amene wagona pa simenti ku chipatala cha boma kudikirira mwana wodwala malungo sanapange kalikonse m'mabuku a chuma. Akalemba wantchito n'kumulipira kuti achite zomwezo, GDP imakwera. Simon Kuznets, katswiri amene anayala maziko a kawerengedwe kameneka ku America, anachenjezeratu mu lipoti lake la 1934 kuti ubwino wa moyo wa anthu sungadziwike pongoyang'ana chuma cha dziko. Mwini wake anaona malire a muyesowu, ndife ogwiritsa ntchito amene timaiwala.

Palinso chuma chimene chimadyedwa kuno koma chinapangidwa kwina. Yendani kumpoto kwa Dwangwa kulowera ku Dwambazi mpaka ku Nkhata Bay, muona nyumba za njerwa zootcha, malata onyezimira ndi sola pa denga m'midzi imene mulibe fakitale kapena esiteti. Funsani, mumva kuti mwini wake ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Durban. Ulendo umenewu ndi wakale, unayamba agogo athu asanalembedwe ndi Wenela ndi Teba kukagwira ntchito ku migodi, ndipo lero ndalama imafika pa foni kudzera ku Mukuru ndi njira zina. Thukuta la mnyamata wosamalira maluwa ku Johannesburg limawerengedwa mu GDP ya South Africa, koma fizi imene walipira ndi ya mwana wa ku Kasitu. Choncho mudzi wina ukhoza kupanga zochepa n'kumakhala bwinoko, wina kupanga zambiri n'kumavutika. Mtengo wa ndalama yoteroyo nawo sulembedwa paliponse: ana okula osamudziwa bambo wawo, maukwati otha, ndi maliro obwera pa galimoto kuchokera kutali.

China chimene ambiri sadziwa n'chakuti nambalayi imatha kusuntha popanda chilichonse kusintha m'mudzi. Mu 2020 a National Statistical Office anakonzanso kawerengedwe kawo, kusiya kuyezera pa chaka cha 2010 n'kuyamba kuyezera pa 2017, ndipo anaphatikiza ntchito zambiri zimene kale sizinkagwidwa bwino. GDP ya Malawi inapezeka kuti ndi yaikulu kuposa mmene tinkaganizira, ndi gawo loposa limodzi mwa atatu. Inali ntchito yoyenera, ndipo Nigeria inachitanso chimodzimodzi mu 2014 n'kupezeka kuti yaposa South Africa. Koma palibe amene anadzuka m'mawa mwake n'kupeza ndiwo zawonjezeka mu mphika. Mu November 2023 zinachitika mosemphana: kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo chuma chathu pochiwerengera m'madola chinachepa. Chinangwa cha m'munda sichinafote ndi chilengezocho. Amene anamva kuwawa msanga ndi mwini injini wogula petulo ndi zipangizo, mlimi wogula feteleza, ndi mphunzitsi wa malipiro okhazikika. Patapita miyezi ululuwo unafika kwa aliyense kudzera pa sopo, mchere ndi thiransipoti. Nambala imodzi ya madola siingasonyeze kuti ndani wapwetekeka poyamba, ndani pambuyo, ndipo mochuluka bwanji.

Pali mbali ina imene imandilimbitsa mtima, ndipo ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse. Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015/16 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Zaka zimene Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo zinakwera kuchoka cha m'ma 45 kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 mpaka kupitirira 60. M'nthawi yonseyi tinakhalabe m'gulu la mayiko osaukitsitsa pa chuma cha munthu aliyense. Chinasintha ndi katemera, masikito, mijigo, alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga m'midzi, ndi ma ARV aulere kuyambira 2004. Nkhotakota, kumene malungo ndi mliri wa chaka chonse, ndi kumene ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba inayesedwa mu 2007 isanafalikire ku maboma ena. Agogo aakazi a kwa Mphonde amene anaika m'manda ana awo angapo, lero akuona zidzukulu zikukula pafupifupi zonse. Kusintha kwa moyo kwakukulu chonchi simungakuone pa mzere wa GDP.

Komabe pomwepa ndi pamene okonda GDP ali ndi mawu oyenera kuwamvera. Zambiri mwa zimene zinapulumutsa anawo zinalipiridwa ndi ndalama za mayiko ena. Mu 2025, America itadula chithandizo chake chambiri, tinaona kuti zinthu zodalira thumba la mnzako zimatha kugwedezeka tsiku limodzi. Kuti chipatala cha Nkhotakota chikhale ndi mankhwala osadikira wina, dziko liyenera kupanga zambiri ndi kutolera msonkho wokwanira. Kukula kwa chuma tikukufuna ndithu. Funso ndi lakuti kukule motani, ndipo kufike kwa yani.

Nyanja nayo ili ndi dandaulo lake pa kawerengedwe kameneka. Nsomba ikagwidwa imalowa m'mabuku ngati chuma chopangidwa, koma palibe pamene amachotsera kuchepa kwa nsomba zotsala m'madzi. Akuluakulu a pa Chia amakumbukira pamene chambo chinali ndiwo ya tsiku lililonse. Lero ndi usipa umene wagwira msika, ndipo chambo chasanduka cha apaulendo a magalimoto. Mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswana wachepa. Ukonde wa maso aang'ono, ngakhale wa masikito, ukakokolola ndi tiana tomwe, malonda a chaka chimenecho amaoneka abwino pamene tikudya mbewu ya chaka chamawa. Chimodzimodzi mitengo yodulidwa kuotcha makala kapena kuwamba nsomba. Madzi osefukira atawononga nyumba ndi misewu ku Dwangwa kumapeto kwa February 2024, anthu zikwizikwi n'kukakhala m'misasa, mabuku a GDP sanachotsere nyumba zogwazo. Simenti ndi malata omangiranso ndiwo analowa ngati malonda. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a pa gombe.

Ndipo nambala ya pa chaka imabisa miyezi. Msodzi sadya mofanana chaka chonse: mwera ukaomba mu June ndi July ngalawa zimakhala pa mtunda, mwezi ukawala kauni sayenda. Mlimi amene mu May anali ndi matumba a mpunga, mu February akhoza kukhala pa ganyu. Mwana wosakwana zaka ziwiri akaperewedwa chakudya m'miyezi yovutayo, kukolola kwa pambuyo sikubweza msinkhu umene wataya. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015/16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse m'dziko muno ndi opinimbira.

Nanga tiyang'ane chiyani? Miyeso ina ilipo kale, ndipo si yachilendo. Kuyambira 1990 bungwe la United Nations limatulutsa muyeso umene Mahbub ul Haq ndi Amartya Sen anathandiza kukonza, wophatikiza ndalama, maphunziro ndi kutalika kwa moyo. Kwathu kuno kafukufuku wa khomo ndi khomo wa Integrated Household Survey amapereka chiwerengero cha umphawi boma ndi boma, ndipo amayeza zimene banja ladya ndi kugwiritsa ntchito, posayang'ana kuti zapangidwira kuti. Mu 2021 ofesi ya ku Zomba ija inatulutsanso muyeso woona umphawi pa mbali zambiri, monga madzi, chimbudzi, magetsi, sukulu, chakudya ndi nyumba, ndipo unasonyeza kuti Amalawi pafupifupi 6 pa 10 alionse ndi osowa pa zingapo mwa zimenezi nthawi imodzi. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja muyeso wotere ndi wofunika kwambiri. Doko likhoza kukhala ndi ndalama zoyenda m'manja usiku ndi usana, koma lopanda chimbudzi ndi mjigo, ana ake akudwala likodzo ndi kujomba kusukulu kukathandiza kukoka ukonde. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inagunda kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo sinafunse kuti usipa wagulitsidwa zingati sabata imeneyo.

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, akufuna kuti pofika 2030 tikhale titalowa m'gulu la mayiko opeza pakatikati, ndipo gulu limenelo amaliyeza ndi ndalama ya munthu aliyense pa chaka, yoposa pang'ono madola 1,100. Ndi cholinga chabwino, ndipo ndikufuna tichifikire. Koma migodi iwiri kapena itatu ikuluikulu ikhoza kutikankhira pafupi ndi mzere umenewo pamene mayi wa kwa Mwansambo akutungabe madzi pa chitsime chosatetezedwa. Tikatero tidzasangalala ndi chikho cha pa pepala monga tinachitira zaka za 2005 mpaka 2010.

Choncho inu a ku Nkhotakota, phungu kapena khansala akadzaima pa msonkhano n'kunena kuti chuma chakula, musamutsutse, mwina akunena zoona. Mufunseni mwaulemu mafunso otsatira: kafukufuku wa mabanja wapitayu anapeza osauka angati m'boma lino, ndipo chiwerengerocho chikukwera kapena chikutsika? Ndi madoko angati amene ali ndi zimbudzi ndi madzi abwino? Pa ana olowa Sitandade 1, ndi angati akufika Sitandade 8? Pa msonkho wochokera ku nzimbe, nsomba ndi mpunga wa kuno, ndi zingati zikubwerera ku khonsolo? Zambiri mwa ziwerengero zimenezi zilipo ku ofesi ya DC ndi ku Zomba, ndipo ndi ufulu wanu kuzimva m'Chichewa pa bwalo la mfumu.